Amishonale akamatsanzikana ndi anthu a kumadera akutali: ndi chikondi kapena ndi kuwataya?

Wophunzira zaubusa

Moni nonse, makolo anga ndi abale anga mwa Ambuye. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisautsa kuyambira pamene tinayamba kuphunzira za ntchito ya amishonale pakati pa mitundu ya anthu okhala kutali kwambiri, kumene kulibe msewu ndipo munthu amafikako pa ndege yaing'ono, pa bwato kapena wapansi. Mabungwe ambiri amene amatumiza anthu kumadera otere amanena poyera kuti cholinga chawo n'chakuti tsiku lina adzachokeko. Banja limafika, limamanga nyumba pakati pa mudzi, limaphunzira chilankhulo chimene sichinalembedwepo, limakonza zilembo, limaphunzitsa anthu kuwerenga, limamasulira Chipangano Chatsopano, ndipo akulu a mpingo akasankhidwa, limalongedza katundu n'kubwerera kwawo. Kawirikawiri ntchito yonseyi imadya zaka zambiri, moti ana a amishonalewo amakulira m'mudzi momwemo, ndipo ena mwa okalamba amene anawalandira amakhala atagona kale kumanda.

Chondivuta ine n'chakuti pa tsiku lotsanzikana anthu amalira ngati pagwa maliro, ndipo ena amachita kupempha kuti alendowo asapite. Kodi n'koyenera kulowa m'moyo wa anthu mpaka kusanduka mbale wawo, kenako n'kuwasiya chifukwa chakuti ndondomeko ya bungwe yafika pamapeto? Nanga amene ayenera kunena kuti nthawi yakwana ndani: mmishonale, akuluakulu a bungwe amene ali kutsidya kwa nyanja, kapena eni mudzi? Ndikupempha amene mwaona zambiri kuposa ine mundithandize maganizo.

Abusa opuma

Mwana wanga, musadandaule kuti funsoli likukusautsani, pakuti linasautsanso anthu akuluakulu amene anatitsogolera pa ntchitoyi. Yambani mwawerenganso Machitidwe a Atumwi mutu 20, pamene Paulo ali ku Mileto anaitanitsa akulu a mpingo wa ku Efeso. Iye anali atakhala nawo zaka zitatu, ndipo anawauza mosabisa kuti sadzaonanso nkhope yake. Anagwada nawo n'kupemphera, iwo analira kwambiri, anam'kumbatira, kenako anam'perekeza mpaka kuchombo. Palibe pamene Malemba akusonyeza kuti kulirako kunali umboni wakuti Paulo walakwa pochoka. Koma taonani zimene zinali zitachitika tsikulo lisanafike. Anali atawaphunzitsa zonse osawabisira kanthu, anali atagwira ntchito ndi manja ake kuti asakhale mtolo kwa iwo, ndipo chachikulu n'chakuti panali akulu oti awaitane ndi kuwasiyira nkhosa. Mmishonale amene wafika pa tsiku lotsanzika alibe akulu oti awaitane, ameneyo ndiye woyenera kutidetsa nkhawa.

Maganizo akuti mishoni iyenera kutha si a lero ayi. Henry Venn, amene anali mlembi wa Church Missionary Society ku London kuyambira 1841 mpaka 1872, pamodzi ndi Rufus Anderson wa ku America, ankaphunzitsa kuti mpingo watsopano uyenera kudzilamulira wokha, kudzidalira pa chuma, ndiponso kufalitsa Uthenga Wabwino wokha. Venn anafika mpaka ponena kuti mishoni iyenera kukonzekera imfa yake yomwe kuti mpingo wa eni dera ukhale ndi moyo. Ndi maganizo amenewa amene anachititsa kuti Samuel Ajayi Crowther, wa mtundu wa Yoruba wa m'dziko limene lero ndi Nigeria, amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mnyamata, adzozedwe bishopu mu 1864 ndi kutsogolera ntchito ya m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Chomvetsa chisoni n'chakuti Venn atamwalira kunabwera mbadwo wina wa amishonale achinyamata ochokera ku England amene sankakhulupirira kuti munthu wakuda angatsogolere. Iwo ananyoza ntchito ya Crowther ndi kuchotsa antchito ake ambiri, ndipo iye atamwalira mu 1891 mpando wake unapatsidwa kwa mzungu. Pa zimene ndawerenga ine, mipingo imene inalumala chifukwa amishonale anakakamira ndi yambiri kuposa imene inalumala chifukwa anachoka msanga.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mmishonale wanzeru amakumbukira zimenezi kuyambira tsiku loyamba, ndipo chilichonse chimene wayamba amadzifunsa kuti adzachipitiriza ndani iye kulibe.

Namwino

Abusa, ndawerenga mawu anu mwaulemu wonse, ndipo pa nkhani ya mpingo ndilibe chotsutsa. Koma ndiloleni ndinene mbali imene nthawi zambiri imaiwalika tikamakamba za kutsanzikana. Ndinagwirapo ntchito pa kachipatala kakang'ono m'mapiri a ku Papua New Guinea, dziko la zilankhulo zoposa 800, ndipo ndinalipo pamene banja lina la amishonale linkachoka m'mudzi umene linakhalamo kwa zaka zambiri. Munthu amene wabereketsa amayi a m'mudzi, waika nawo maliro, ndipo ana ake amalankhula chilankhulo cha komweko bwino kuposa cha makolo awo, anthu samuonanso ngati mlendo. Tsiku lotsanzikana anaphika nkhumba ndi mbatata m'dzenje la miyala yamoto, amayi anakoleka m'khosi mwa alendowo matumba oluka otchedwa bilum mpaka mutu kulephera kutembenuka, ndipo amayi ena achikulire anadzola matope kumaso monga amachitira kumeneko akaferedwa.

Mapemphero onse a tsikulo anatsogolera ndi akulu a mpingo a m'mudzimo, ndipo anawatsogolera bwino ndithu. Palibe amene ankafunsa kuti adzalalikira ndani Lamulungu likudzalo, chifukwa anali akulalikira okha kwa nthawi yaitali. Funso limene ndinalimva, lochokera kwa gogo wina amene anandigwira dzanja osafuna kulisiya, linali lakuti mdzukulu wake akadzavutika pobereka, adzaitana ndege ndani. Abusa, funso limenelo silopepuka. M'madera amenewa mmishonale amakhala ndi makiyi a kabati ya mankhwala, ndiye amene amatsegula wailesi m'mawa uliwonse kulankhula ndi oyendetsa ndege, ndiye amene amadziwa kukonza firiji ya katemera yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo nthawi zambiri ndiye amene amalipira ulendo wa wodwala mwakachetechete. Bwalo la ndege nalonso limafuna manja: udzu uyenera kutchetchedwa, ngalande ziyenera kulambulidwa kuti madzi asakokolole nthaka, ndipo woyendetsa ndege akazungulira m'mwamba n'kuona kuti udzu watalika kapena pansi pafewa, amabwerera osatera. Mabungwe monga Mission Aviation Fellowship amapitiriza kuuluka ngakhale mmishonale atachoka, komabe ndege imapita kumene kuli woiitana, bwalo losamalika ndi wolipira.

Tsono ndikamamva kuti ntchito yatha chifukwa Chipangano Chatsopano chasindikizidwa ndipo akulu asankhidwa, mtima wanga sukhazikika. Mwana wodwala malungo a mu ubongo sangadikire kuti mpingo ukhwime pa nkhani ya chuma. Ngati tinazolowetsa anthu mankhwala amene analibe kale, tili ndi ngongole yoti tisawachotsere mankhwalawo mwadzidzidzi.

Mphunzitsi wa mbiri yakale

Mayi namwino akhudza pamene pali bala, ndipo ndikufuna kuwonjezera zitsanzo za m'mbiri, chifukwa kutsanzikana kwina sikunakonzedwe ndi munthu aliyense, kunangogwa ngati ngozi, ndipo zotsatira zake zimatiphunzitsa zambiri.

Ku Madagascar, amishonale a London Missionary Society anamaliza kusindikiza Baibulo lonse m'Chimalagasi mu 1835, chaka chomwecho chimene mfumukazi Ranavalona woyamba analetsa Chikhristu. Pofika 1836 amishonale onse anali atachoka. Akhristu anazunzidwa koopsa, ndipo mayi wina dzina lake Rasalama anaphedwa ndi mikondo mu 1837. Ena anabisa Mabaibulo awo m'mapanga ndi pansi pa nthaka, n'kumasonkhana usiku kuti awerenge. Mfumukaziyo itamwalira mu 1861 ndipo amishonale ataloledwa kubwerera, anapeza kuti Akhristu achuluka kwambiri kuposa mmene anawasiyira. Zofanana nazo zinachitika kumwera kwa Ethiopia pakati pa anthu a mtundu wa Wolaita. Amishonale a Sudan Interior Mission anathamangitsidwa ndi asilikali a Italy mu 1937, n'kusiya obatizidwa osafika n'komwe 100 ndi zigawo zochepa chabe za Malemba m'chilankhulo chawo. Atabwerera patapita zaka zochepa, anapeza okhulupirira zikwizikwi ndi mipingo yambiri yoyambitsidwa ndi alaliki a komweko, ena mwa iwo atamangidwapo ndi kukwapulidwa.

Nkhani ziwirizi zimakondedwa kwambiri pa guwa, koma zisatinyenge, chifukwa pali chitsanzo chachitatu chimene chimanena zosiyana. Ansembe a chipani cha Jesuit anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní, m'dera limene lero ndi Paraguay, Argentina ndi Brazil, kwa zaka zoposa 150. Anamanga midzi 30 yokhala ndi matchalitchi aakulu, masukulu, minda, malo osulira zitsulo ndi magulu oimba amene ankadabwitsa alendo ochokera ku Ulaya. Koma ulamuliro weniweni unali m'manja mwa ansembewo, ndipo m'zaka zonsezo sanadzoze Aguaraní kukhala ansembe. Mfumu ya Spain italamula mu 1767 kuti Ajesuit achotsedwe m'maiko ake onse, midziyo inayamba kupasuka, anthu anabalalika, ndipo lero alendo amapita kukaona mabwinja ake.

Mukaika zitsanzo zitatuzi pamodzi muona kuti kutalika kwa nthawi sikumene kunasiyanitsa zinthu. Amene anakhalitsa kuposa onse ndi amene ntchito yawo inagwa. Ku Madagascar anthu anatsala ndi buku m'chilankhulo chawo ndipo ankatha kuliwerenga, ku Wolaita anatsala ndi chizolowezi cholalikira okha, pamene kwa Aguaraní anatsala ndi nyumba zokongola zimene makiyi ake anali m'thumba mwa munthu amene wakwera chombo. Ndikumbutsenso kuti mipingo ing'onoing'ono imene inazilala amishonale atachoka kawirikawiri ilibe wolemba mbiri yake, choncho timamva zambiri za imene inapulumuka.

Wophunzira zaubusa

Zikomo kwambiri aphunzitsi, chitsanzo cha Aguaraní sindinkachidziwa ndipo chanditsegula maso. Koma ngati buku m'chilankhulo cha anthu ndi lofunika chotero, ndifunse amene amagwira ntchito yomasulira: kodi Chipangano Chatsopano chokha n'chokwanira kuti mmishonale anene kuti wamaliza? Ndikufunsa chifukwa ndimamva kawirikawiri kuti mwambo wopereka bukuli ndi mwambo wotsanzikana zimachitika pafupifupi nthawi imodzi.

Womasulira Malemba

Achimwene, yankho langa n'lakuti sichokwanira, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake zimachitika motero. Chipangano Chatsopano ndi gawo laling'ono la Baibulo, pafupifupi limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngakhale gawo limenelo limatha kutenga zaka zoposa khumi ngati chilankhulocho chinali chisanalembedwepo. Pofika tsiku lolipereka, womasulira amakhala atatopa, ana ake akufuna sukulu za pamwamba, makolo ake kwawo akalamba, ndipo mipingo imene imam'thandiza ikufuna kumva kuti ntchito yatha. Zifukwa zonsezi ndi za umunthu ndipo sitiyenera kuzinyoza. Vuto n'lakuti kalata ya kwa Ahebri siimveka kwa munthu amene sadziwa za nsembe za m'buku la Levitiko, ndipo mitundu yambiri ya kumadera akutali imamvetsa msanga nkhani za Abrahamu, za mibadwo ya makolo, za malo ndi za kubwezerana magazi kuposa mmene imamvetsera makalata a Paulo. N'chifukwa chake bungwe la New Tribes Mission, limene linayamba mu 1942 ndipo ku America linasintha dzina kukhala Ethnos360 mu 2017, limaphunzitsa motsatira ndondomeko ya nkhani, kuyambira pa chilengedwe mpaka kufika pa Khristu. Koma kuphunzitsa nkhani zosankhidwa n'kosiyana ndi kusiyira anthu Chipangano Chakale chonse kuti azidziwerengera.

Chachiwiri, chimene chimandiwawa kwambiri, ndi nkhani ya kuwerenga. Ndinaonapo makatoni a Chipangano Chatsopano ataunjikidwa m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, pulasitiki yake isanang'ambidwe, a pansi atayamba kudyedwa ndi chiswe, chifukwa kalasi yophunzitsa kuwerenga inatha mwezi womwewo umene mayi wa chimishonale anachoka. Iye ndiye ankagula choko ndi makope, ndiye ankaliza belu, ndipo aphunzitsi a m'mudzimo ankadziona ngati om'thandiza chabe. Ana amene amapita kusukulu ya boma amaphunzira m'chilankhulo china, ndipo pakapita mbadwo umodzi wokha mutha kupeza mpingo umene uli ndi buku lake koma ukuwerenga la chilankhulo cha mtauni.

Pa nkhaniyi ine ndimalemekeza kwambiri James Fraser, amene anagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wa Lisu m'mapiri a Yunnan ku China. Iye anathandiza kukonza zilembo zimene Alisu akugwiritsabe ntchito mpaka lero, koma ankakana kulipira alaliki ndi ndalama zochokera kunja, ndipo ankafuna kuti anthu azigula okha mabuku ndi kumanga okha nyumba zopemphereramo. Ena ankamuona ngati wouma mtima. Fraser anamwalira mu 1938, amishonale onse anachoka ku China boma la chikomyunizimu litayamba kulamulira mu 1949, koma mpingo wa Alisu unapirira zaka zowawa zimene zinatsatira ndipo ulipobe. Munthu amene wagula buku ndi thukuta lake salisiya kuti lidyedwe ndi chiswe.

Wofufuza za chikhalidwe cha anthu

Abale ndi alongo, ine ndine Mkhristu ngati inu, koma ndikuona kuti zokambirana zathu zikuyenda ngati kuti kuchoka kwa mmishonale ndi tsoka nthawi zonse kwa otsalawo. Pali madera amene kufika kwake ndiko kunadzetsa misozi, ndipo tiyenera kulimba mtima kuti tinene zimenezi.

Ambiri timadziwa nkhani ya amishonale asanu, Jim Elliot, Nate Saint, Ed McCully, Pete Fleming ndi Roger Youderian, amene anaphedwa ndi anthu a mtundu wa Waorani m'mbali mwa mtsinje wa Curaray ku Ecuador mu Januwale 1956. Timadziwanso kuti mu 1958 Elisabeth Elliot, mkazi wa malemu Jim, ndi Rachel Saint, mlongo wake wa Nate, anapita kukakhala pakati pa anthu omwewo mothandizidwa ndi mayi wa Chiwaorani dzina lake Dayuma. Kulimba mtima kwawo n'kosakayikitsa, ndipo n'zoona kuti kuphana kobwezerana kumene kunkamaliza mtunduwo kunachepa kwambiri, monga momwe Awaorani achikulire eni ake anachitira umboni. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mabanja amene ankakhala motalikirana m'nkhalango anasonkhanitsidwa pamalo amodzi ku Tihueno, kumene mu 1969 kunabuka matenda a poliyo amene anapha ena ndi kulumaza ena. Malo amene anthuwo anasamukamo analowamo makampani ofufuza mafuta. Anthu amene ankadzidalira pa chilichonse anazolowera kudikira katundu wobwera pa ndege, mpaka bungwe lomwe Rachel ankagwira nalo ntchito linam'pempha kuti achokeko m'zaka za m'ma 1970. Iye anadzabwereranso mwa yekha ndipo anamwalira mu 1994, n'kuikidwa m'manda pakati pa Awaorani. Elisabeth anachoka patangopita zaka zochepa. Amayi awiri, chikhulupiriro chimodzi, wina anachoka wina anakana kuchoka, ndipo mpaka lero anthu amatsutsanabe za amene anathandiza kwambiri.

Ku Brazil zinafika poipa kuposa pamenepa. Anthu a mtundu wa Zo'é, m'chigawo cha Pará, anafikiridwa ndi amishonale m'zaka za m'ma 1980, ndipo matenda a chimfine ndi ena amene matupi awo sankawadziwa anapha anthu mu mtundu umene unali wochepa kale. Mu 1991 bungwe la boma loona za eni nthaka, FUNAI, linalamula amishonalewo kuti achoke. Kumeneko kunalibe phwando lotsanzikana. Tsono pofunsa ngati kuchoka ndi chikondi, tifunsenso ngati anthuwo anavomera kubwera kwathu akudziwa chimene akuvomera, komanso ngati pochoka tikuwasiya ali ndi malo awo, chilankhulo chawo ndi ulemu wawo.

Abusa opuma

Mwanena zoona zowawa, m'bale wanga, ndipo mpingo umene umabisa zoterezi umadzichotsera wokha ulemu. Mayi namwino nanunso mwandikumbutsa kuti Ambuye amene anatuma ophunzira kukalalikira anawatumanso kukachiritsa odwala, choncho kabati ya mankhwala ndi gawo la ntchito yomweyo.

Komabe ndikufuna kuteteza mfundo imodzi. Pamene anthu akulira n'kumati musapite, si nthawi zonse pamene kuwamvera kumakhala kuwakonda. Mu 1971 John Gatu, mlembi wamkulu wa mpingo wa Presbyterian Church of East Africa ku Kenya, anapempha kuti amishonale a kunja ayambe abwerera kwawo kwa zaka zosachepera zisanu kuti mipingo ya mu Africa idzipeze yokha, ndipo msonkhano wa All Africa Conference of Churches umene unachitikira ku Lusaka mu 1974 unagwirizana ndi ganizoli. Ambiri anakwiya, a kunja ndi a mu Africa omwe, chifukwa ankaopa kutaya thandizo. Koma Gatu ankaona chinthu chimene aliyense amene anakhalapo pa bwalo la akulu a mpingo amachidziwa: mmishonale akakhala m'chipindamo, ngakhale atakhala kumbuyo osalankhula, maso onse amatembenukira kwa iye pa nkhani iliyonse yovuta. Mkulu wa mpingo saphunzira kuweruza mlandu wa banja, kudzudzula m'bale wake weniweni kapena kusunga ndalama za chopereka pokhapokha atadziwa kuti palibenso wina woti am'tulire.

Ndiye pa funso lanu, mwana wanga, lakuti amene ayenera kunena kuti nthawi yakwana ndani, ine ndikuti chigamulocho chiyenera kupangidwa pamodzi ndi akulu a m'mudzimo, poyera, zaka zingapo tsikulo lisanafike, kuti anthu asadzidzimuke ndi kalata yochokera kulikulu. Ndipo Paulo yemwe uja sankangochoka n'kuiwala. Analemba makalata, anatuma Timoteo ku Tesalonika kukaona mmene abale alili, anasiya Tito ku Krete kuti alongosole zotsala, ndipo kumene ankatha ankabwererako.

Mphunzitsi wa mbiri yakale

Ndingowonjezera pang'ono pa nkhani ya Awaorani, chifukwa ikugwirizana ndi nkhawa ya mayi namwino. Rachel Saint atamwalira, Awaorani anaitana Steve Saint, mwana wa Nate, kuti akakhale nawo, ndipo iye anapitako ndi banja lake mu 1995. Chimene anachiona chinali mpingo umene unazolowera kuchitiridwa zinthu ndi alendo. Pambuyo pake anayambitsa bungwe lotchedwa I-TEC, limene cholinga chake n'kuphunzitsa anthu a kumadera otere ntchito zimene ankadikira kuti awachitire a kunja, monga kuzula ndi kumata mano, kuyeza maso ndi kukonza makina. Ndi zachisoni kuti maphunziro oterewa anabwera patapita zaka pafupifupi 40 chifikire amishonale oyamba, pamene akanatha kuyamba limodzi ndi kalasi yoyamba ya zilembo.

Wophunzira zaubusa

Ndathokoza nonse, ndipo ndikuona tsopano kuti funso langa ndinaliika pa tsiku lolakwika, chifukwa zambiri zimene mwanena zikukhudza zaka za m'mbuyo tsikulo lisanafike. Ndatsala ndi funso limodzi kwa mayi namwino, ngati n'kotheka kuyankha. Kodi m'mudzi uja zinthu zinayenda bwanji banja lija litachoka, ndipo mukanakhala kuti munali ndi mphamvu zosintha kanthu pa makonzedwe ake, mukanasintha chiyani?

Namwino

Achimwene, zina zinayenda bwino ndipo zina sizinayende. Mpingo unapitirira, ndipo akulu aja anayamba kutuma anyamata awiriawiri kukaphunzitsa m'midzi ya kuseri kwa phiri, kumene mmishonale uja sankatha kufikako chifukwa cha ukalamba ndi maondo. Bwalo la ndege analigawa m'zigawo, banja lililonse ndi gawo lake lotchetcha, ndipo mkulu mmodzi anapatsidwa udindo woyenda m'bwalomo m'mawa uliwonse mvula ikagwa kuti auze woyendetsa ndege zoona za mmene pansi palili. Zimenezi zinatheka chifukwa anayamba kuzichita banja lija lisanachoke.

Kachipatala ndiko kanavutika. Mnyamata amene tinam'phunzitsa ankadziwa bwino kutsuka zilonda, kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala oyenera, koma analibe satifiketi yovomerezeka ndi boma, choncho sankatha kuitanitsa mankhwala ku nkhokwe ya boma m'dzina lake, komanso panalibe wom'lipira. Mankhwala amene anasiyidwa atatha, kabati inakhala yopanda kanthu kwa nthawi yaitali. Batire la firiji litafa, katemera anasiya kusungidwa pamalopo, ndipo amayi ankayenera kudikira gulu la azaumoyo lobwera mwa apo ndi apo.

Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanatumiza achinyamata awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kusukulu yovomerezeka ya zaumoyo zaka zambiri banja lija lisanaganize zochoka, ndipo wamkaziyo akanaphunzira uzamba, chifukwa kumeneko amayi ambiri salola kubereketsedwa ndi mwamuna. Ndikanaonetsetsa kuti kachipatalako kalembetsedwa ku boma kapena ku nthambi ya zaumoyo ya mipingo ya m'dzikomo, kuti malipiro ndi mankhwala zizibwera kudzera m'njira imene sidalira munthu mmodzi. Ndikanakhazikitsanso thumba la ulendo wa odwala losungidwa ndi eni mudzi, limene iwo amaponyamo kangachepe ndipo abale a kunja amawonjezerapo, ndi buku lolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka kuti msungichuma asanamiziridwe. Ndipo makiyi a kabati ndi a wailesi ndikanawapereka chaka chathunthu banja lija likadali pomwepo, kuti mnyamatayo akalakwitsa kuitanitsa mankhwala kapena akaiwala nthawi ya wailesi, pakhale wina pafupi woti akhale naye pansi n'kukonza naye limodzi.